Chithunzi chimene azakhali anakana, ndi mmene ndinasankhira pulogalamu yokonzera zithunzi

Azakhali anga anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali osayankhula kanthu, kenako anachibwezera mu envelopu n'kundipatsa. Mawu awo anali ochepa: "Achimwene, mwagwira ntchito, koma uyu si mwana wanga ayi. Wanga ndi wakuda." Tsikulo ndinachoka ku Chilomoni mtima uli pansi, mu minibasi yonse mpaka kutsika ku Ndirande mawu amenewo akungobwerera m'mutu. Ndikulemba izi chifukwa anthu ambiri amene angoyamba kumene kujambula amandifunsa funso limodzi lomweli, kuti kodi pulogalamu yabwino yoeditira zithunzi ndi iti, nde ndimaona kuti ndisanatchule dzina la pulogalamu iliyonse ndiyambe ndafotokoza za tsiku limenelo.

Chinali chinkhoswe cha msuweni wanga. Ine nthawi imeneyo ndinali ndikungojambula pa foni, maluwa a jakaranda mu Okutobala, phiri la Soche dzuwa likamalowa, zinthu ngati zimenezo, nde abale ataona kuti ndimakonda zojambula anati bwanji utijambule iweyo m'malo molipira munthu. Ndinabwereka kamera kwa mnzanga, Canon 600D, ndinajambula tsiku lonse kuyambira polandira alendo mpaka perekani-perekani. Madzulo ndinakopera zithunzi zonse mu foni, memori khadi ndinaifomata poti mwiniwake amafuna kamera yake mawa lake. Kenako ndinatsegula ka apu kena kamene ndinali nako, ka zokongoletsa nkhope tija, ndinadina batani limodzi pa chithunzi chilichonse, pa sikirini zikuoneka zowala bwino, ndikusangalala. Foni itayamba kudandaula za malo ndinafufuta zoyambirira zonse n'kusiya zokonzedwazo. Apa ndi pamene panali kulakwitsa kwenikweni, koma ndinazindikira titatsukitsa kale zithunzi ku studio. Nkhope ya mkwatibwi inatuluka yotuwa mbuu ngati wadzola ufa, yosalala ngati pulasitiki, ka chipsera kakang'ono ka pachipumi kamene ali nako chibadwire kanasowa, ndipo chitenje cha banja chimene chinali chobiriwira modera chinasanduka mtundu wina umene palibe anavala tsikulo. Pobwerera panalibe. Zithunzi za chinkhoswe chimenecho zilipo ndi zomwezo basi mpaka lero.

Nde chinthu choyamba chimene ndinaphunzira, ndipo ndi chimene ndimayang'ana tsopano ndisanakhulupirire pulogalamu iliyonse, ndi chakuti kodi imasiya chithunzi choyambirira chili chonchobe kapena imalemba pamwamba pake. Pali mapulogalamu amene sakhudza fayilo yanu ngakhale pang'ono, amangosunga malangizo a zimene mwasintha pambali, mukafuna kubwerera mmbuyo olo patapita chaka mumabwerera. Lightroom imatero, darktable imatero posunga kafayilo kakang'ono ka XMP pafupi ndi chithunzi, RawTherapee nayo ili ndi kake kotchedwa pp3. Koma olo pulogalamu ikhale yotani, musafufute zoyambirira. Gulani fulashi kapena hadi diraivi, sungani kawiri, memori khadi muifomate pokhapokha mwatsegula zithunzizo pamalo awiri n'kuziona ndi maso anu.

Nditakhumudwa chonchija ndinaganiza kuti vuto ndi lakuti ndimagwiritsa zinthu za ana, nde ndipeze Photoshop ngati akatswiri. Munthu wina wokonza makompyuta mtauni muno anandiikira mu laputopu yanga, yobedwa ija imene amati yokiraka, pa kandalama kochepa. Musachite zimenezi chonde. Patangotha masabata ochepa laputopu inayamba kutentha ngati mbaula ndisakuchita kalikonse, bandulo ikutha yokha, mafayilo a mu fulashi akusanduka mashotikati. Inali vairasi, inabwera ndi zimene anandiikirazo, ndipo pamapeto pake laputopu inafunika kuifomata yonse. Chinanso chimene sindinkadziwa n'chakuti Photoshop yeniyeniyo sinapangidwire ntchito imene ine ndinkafuna. Ija ndi yogwirira chithunzi chimodzi mozama, kudula munthu kumuika pena, kupanga mapositala, kusanjikiza zigawo za chithunzi (ma layer) china pamwamba pa chinzake. Munthu wobwera ku chinkhoswe ndi zithunzi 400 amafuna pulogalamu yoti aziona zonse pamodzi, asankhe zabwino, akonze chimodzi n'kukopera makonzedwewo pa zina makumi atatu zimene anajambula pamalo omwewo. Ntchito imeneyo ndi ya Lightroom ndi anzake ofanana nayo.

Lightroom ndinaiyesa mwachilungamo, ndipo sindinama, ndi yokoma kugwiritsa ntchito, zinthu zili pamalo pomwe ukuziyembekezera ndipo maphunziro ake pa YouTube ndi osawerengeka. Koma muyenera kudziwa mmene amagulitsira. Kuyambira 2013 Adobe, kampani imene imapanga Photoshop ndi Lightroom, inasiya kugulitsa Photoshop yogula kamodzi n'kukhala nayo, inayamba zolipira mwezi ndi mwezi, ndipo Lightroom nayo inatsatira njira yomweyo. Kwa ife kuno zikutanthauza kuti pafunika khadi ya kubanki yolipira kunja, ndipo mtengo wake umayendera dola osati kwacha. Ine ndinkalipira kudzera pa khadi ya mlamu wanga n'kumamubwezera, zinkatheka movutikira, koma mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ndinakhala pansi kuwerengera, ndinaona kuti ndikuchotsa ndalama ya ndiwo kulipirira chinthu chimene sichindibweretsera olo tambala. Ngati mumajambula maukwati Loweruka lililonse ndipo makasitomala amalipira, lipirani, ibweza yokha. Koma ine ndi wojambula wachikondi chabe, ntchito yanga yeniyeni ndi ina, nde ndinasiya.

Apa ndi pamene ndinayamba kufufuza zaulere, zaulere zenizeni zololedwa osati zobedwa, ndipo ndinadabwa kuti zilipo zambiri chonchi pomwe ine ndinavutika ndi vairasi pachabe.

Yoyamba imene anthu ambiri sadziwa ndi imene imabwera ndi kamera yomweyo. Nditagula kamera yangayanga ya pa kaunjika, Canon yomweyonso, ndinapeza kuti kampaniyi imapereka Digital Photo Professional ulere, umangolemba nambala ya kamera ija ili pansi pake podaunuloda. A Nikon ali ndi yawo, NX Studio, nayonso yaulere. Ubwino wake ndi woti mitundu imatuluka mmene unaionera kuseri kwa kamera pojambula, chifukwa amene anapanga kamera ndi amenenso anapanga pulogalamu. Ilibe zambiri zoseweretsa, koma kwa munthu woyamba kumene ine ndimati yambirani pamenepo, muphunzire kuwala ndi mitundu kaye.

Kenako ndinapita ku darktable, ndipo ndi imene ndikugwiritsa ntchito mpaka pano. Ndinene zoona, sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kuifufuta. Ili ndi mabatani ochuluka zedi, ukatsegula chithunzi cha RAW (fayilo yosakonzedwa imene kamera imasunga, ndifotokoza kutsogoloku) chimaoneka chozizira chopanda moyo kusiyana ndi mmene chimaonekera pa kamera, ndipo laputopu yanga ya RAM ya 4GB imafriza ndikangosuntha kanthu. Ndinakaonjezetsa RAM kufika 8GB, zinasintha kwambiri, ndipo ndalama imeneyo ndinatulutsa kamodzi basi. Chimene chinandithandiza ndi kusiya kufuna kudziwa zonse. Ndinasankha zinthu zinayi, exposure (kuwala kwa chithunzi), white balance (kuti choyera chizioneka choyeradi), color balance (kusintha mitundu) ndi kudula m'mbali, ndinakhala pa zimenezo miyezi ingapo osakhudza zina. Mnzanga wa ku Zingwangwa amene laputopu yake ndi yakale kuposa yanga iye anakonda RawTherapee, amati imamuyendera mopepukirako, nde yesani zonse ziwiri poti palibe yolipira, muone imene makina anu akuinyamula. GIMP ndili nayonso, ija ndi imene imagwira ntchito zofanana ndi za Photoshop, ndi yakale ndithu anaiyamba mu 1995, koma ndimaitsegula mwa apo ndi apo, monga pochotsa waya wa magetsi wodutsa kutsogolo kwa tchalitchi cha St Michael and All Angels, kapena popanga kapepala koitanira anthu ku mwambo. Dziwani kuti GIMP payokha sitsegula RAW, imadalira darktable kapena RawTherapee kuti ziyambe zaitsegulira. Ndipo munthu akakutumizirani fayilo ya PSD, ija ya Photoshop, inu mulibe Photoshop, pali Photopea imene imatseguka mu browser popanda kuika kanthu mu kompyuta, kungoti imafuna intaneti kuti itseguke.

Ndatchula RAW kangapo, ndifotokoze pang'ono poti ine zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. JPEG ili ngati nsima yophikaphika, kamera yasankha yokha madzi ndi ufa, yakupatsani m'mbale, ngati yalimba kapena yafewa simungachitenso zambiri. RAW ndi ufa umene uli m'thumba. JPEG imasunga masitepe 256 a kuwala pa mtundu uliwonse, pomwe RAW ya kamera ngati yanga imasunga opitirira 16,000, nde nkhope imene yada chifukwa cha mthunzi mukhoza kuikweza osaphwanyika. Mtengo wake ndi malo, chithunzi chimodzi cha CR2, imene ndi RAW ya Canon, pa kamera yanga chimadya pafupifupi 25MB, ndipo simungachitumize kwa munthu musanachikonze. Ine ndimaika kamera pa RAW ndi JPEG pamodzi, kuti abale osapirira aja ndiziwapatsa JPEG pompo, RAW ndizikonza modekha.

Tsopano nkhani imene ili pamtima panga kwambiri, ya khungu lathu. Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti zonse zimene ikuona zikasakanizidwa zikhale zapakatikati, osati zowala kwambiri osati zakuda kwambiri. Nde taganizani mkwatibwi wakuda bii wavala diresi loyera mbee, waima padzuwa la Blantyre la masana. Kamera imaona kuyera kuja n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kumira mu mdima, maso okha ndi mano kumaoneka. Munthu woyamba kumene amathamangira kukweza brightness ya chithunzi chonse kapena kudina auto, zotsatira zake diresi limapsa osaonekanso ulusi wake, nkhope n'kutuwa. Ndipo ma apu okongoletsa nkhope aja, ambiri amene ndinayesapo, chimene amatcha kukongoletsa ndi kuyeretsa khungu ndi kulisalaza, osakufunsani n'komwe. Ndi zimene zinachitikira msuweni wanga.

Njira imene ndimachita tsopano ndi iyi. Ndimayamba ndi white balance, chifukwa miyambo yathu yambiri imachitikira mu tenti kapena pansi pa lona, ndipo lona ya buluu imapaka buluu pa nkhope za anthu onse, pansi pa mtengo wa mango nkhope zimatenga kubiriwira. Ndimatenga kachida kotolera mtundu kamene kali mu white balance n'kudina pa shati yoyera ya winawake kapena pa nsalu ya patebulo, mitundu yonse imabwerera m'malo mwake. Kenako ndimakweza mithunzi yokha pang'ono, osati chithunzi chonse, n'kutsitsa zowala kwambiri kuti diresi lisapse. Ngati nkhope idakali yakuda kuposa mmene munthuyo alili, ndimaunikira pankhope pokhapo. Ndipo ndimasamala kwambiri ndi mtundu wa olenji, chifukwa khungu la munthu, kaya woyera kaya wakuda, limakhala pakati pa olenji ndi kufiira, mukauchepetsa munthu amatuwa ngati wadwala, mukauonjeza kwambiri amaoneka ngati wadzola dothi la katondo. Cholinga si kumuyeretsa munthu ayi, ndi choti amayi ake akaona anene kuti eya, ndi yemweyu.

Nde ukafuna kuyesa pulogalamu yatsopano, usayesere pa chithunzi cha phiri kapena cha maluwa, pamenepo iliyonse imaoneka yabwino. Ine ndili ndi zithunzi zitatu zimene ndimayesera nthawi zonse. China ndi cha agogo anga atakhala pakhonde, theka la nkhope lili pamthunzi. China ndi cha amayi a Mvano atavala zoyera zawo padzuwa. Chachitatu ndi cha mulu wa zitenje mu msika wa Limbe, zofiira, zachikasu, zobiriwira zonse pamodzi. Pulogalamu ikandilola kuti nkhope ya agogo ioneke bwino makwinya ali pomwepo, zoyera za amayi aja zisapse, chofiira cha chitenje chisasanduke chibanthu chimodzi chopanda maluwa ake, imeneyo ndimaisunga. Ikakanika, olo anthu aitame bwanji, ndimaichotsa.

Ndikudziwa kuti ambiri amene mukuwerenga mulibe laputopu, muli ndi foni basi, ndipo palibe cholakwika, zithunzi zanga zambiri zimene anthu amazikonda ndinajambula ndi kukonza pa foni. Kumeneko yankho langa ndi Snapseed. Ndi ya Google, yaulere yonse, ilibe zotsatsa malonda, siika chidindo chake pa chithunzi chanu, ndipo mukangoidaunuloda imagwira ntchito popanda bandulo, zomwe kwa ine ndi nkhani yaikulu poti magetsi akathima madzulo ndimakhala pakhonde kukonza zithunzi mpaka batire itatha. Muli kachida kotchedwa Selective, mumadina pankhope ya munthu n'kukweza kuwala pamalo pokhapo, muli White Balance yokhala ndi kotolera mtundu kaja, muli Healing yochotsera zinyalala zimene zinali pansi simunazione. Musanayambe lowani mu settings muike kuti isachepetse kukula kwa chithunzi ndipo JPG ikhale pa 100, apo ayi mudzadabwa tsiku lotsukitsa. Lightroom ya pafoni nayo ili ndi gawo laulere labwino ndithu, makamaka posintha mtundu umodziumodzi, kungoti imafuna mutsegule akaunti ndipo zida zina zabwino ndi za olipira. Ine ndili nazo zonse ziwiri koma dzanja limathamangira ku Snapseed.

Za mapuriseti, makonzedwe okonzeratu amene umangowaika pa chithunzi, amene anthu amagawana m'magulu a WhatsApp ndingoti samalani. Ambiri anapangidwira kuwala kwa kwina ndi khungu la anthu ena, pa ife amatulutsa nkhope zotuwa kapena za olenji. Bola mupange anuanu kuchokera pa chithunzi chimene mwachikonza bwino.

Pali zina ziwiri zimene sizikhudza pulogalamu mwachindunji koma zikhoza kuononga ntchito yonse imene mwagwira. Choyamba ndi sikirini. Foni zathu timaziika kuwala kwambiri chifukwa cha dzuwa, nde chithunzi chimaoneka chowala pomwe chenichenicho ndi chakuda, mukakatsukitsa chimatuluka chamdima n'kumakangana ndi a ku studio pachabe. Pokonza tsitsani kuwala kwa sikirini kufika chapakati, khalani m'nyumba osati padzuwa, ndipo phunzirani kuyang'ana histogram, kaphiri kaja kamene kamaonetsa ngati chithunzi chapendekera ku mdima kapena ku kuwala, iko sikanama olo sikirini iname. Musanatsukitse zithunzi 100 tsukitsani zitatu kaye muone. Chithunzi wamba cha 4 kwa 6 chimafuna mapikiselo 1200 kwa 1800 kuti chituluke chakuthwa, ndipo potulutsa mu pulogalamu, pa kasungidwe ka mitundu sankhani sRGB, ndi imene mafoni ndi makina ambiri otsukira amaimva bwino. Chachiwiri ndi WhatsApp. Mukatumiza chithunzi mwanthawi zonse imachifinya kuti chipepuke, pa foni sichioneka vuto koma pa pepala chimasweka. Tumizani ngati document, kapena pitani ndi fulashi ku studio. Abale anga ndinachita kuwaphunzitsa mmodzimmodzi, chifukwa amatenga cha pa status n'kukachikulitsa kuti akapachike pakhoma kenako n'kumati kamera yanga ndi yosaona.

Msuweni wanga uja anadzabereka mwana wamkazi, ndipo tsiku la ubatizo azakhali anandiitananso kuti ndidzajambule, chinthu chimene sindinkayembekezera. Kunali kwa chiperoni, mitambo yaphimba Michiru yense, kuwala kofewa kumene kumakomera khungu lathu kuposa dzuwa la masana. Ndinajambula RAW, ndinakopera mu laputopu ndi mu hadi diraivi ndisanakhudze khadi, ndinakhala mausiku atatu pa darktable, ndinatsukitsa zitatu zoyesera, chimodzi chinatuluka chakuda pang'ono ndinabwerera kukachikweza. Nditapita nazo ku Chilomoni azakhali anatulutsa chimene mwana wawo wanyamula khandalo, ka chipsera ka pachipumi kakuoneka bwinobwino, anachiyandikitsa kumaso n'kuitana amalume kuti bwerani mudzaone. Kenako anandifunsa ngati chingatheke kuchikulitsa kuti chilowe mu felemu yaikulu ija ya pabalaza, ndinati chitheka azakhali, fayilo yake ndinaisunga.